Mphika wa ku Lilongwe: Mbiri ya Kadyedwe Kathu m'Nyengo Zake

Iwo amene amalemba mbiri ya mzinda wa Lilongwe kawirikawiri amayamba ndi Boma limene Angerezi adakhazikitsa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe m'chaka cha 1904, m'dera la mfumu Njewa, napitiriza ndi fodya, misewu ndi nyumba zazitali za ku Capital Hill. Koma ilipo mbiri ina, yakale kuposa Bomalo, imene siidalembedwe m'mabuku a atsamunda popeza idasungidwa ndi ntchembere pamtondo ndi pamafuwa. Imeneyi ndiyo mbiri ya zimene anthu a kuno akhala akudya, nyengo imene amazidya, ndi manja amene amaziphika. Ndipo yense woilondola modekha adzapeza kuti, ngakhale mphika wa ku Lilongwe walandira alendo ochuluka m'mibadwo yapitayi, palibe mlendo ndi mmodzi yemwe amene adakhazikikamo asadagonjere malamulo awiri, ndiwo lamulo la mayi wophika ndi lamulo la nyengo.

Kalekale, Achewa a m'chigwa chino asadachione chimanga ndi maso, nsima yawo idali ya mapira, ya mchewere ndi ya mawere, ndipo ndiwo zawo zidali khobwe, nzama, masamba a kutchire ndi nyama ya uzimba. Tsono popeza zonsezi zimalindira mvula yogwa nyengo imodzi yokha pachaka, nkhani ya chakudya siinkasiyana ndi nkhani ya mapemphero. Ku Msinja, m'tsinde mwa mapiri a Dzalanyama kumene mtsinje wa Lilongwe umatumphukira, kudali kachisi wa Chisumphi, ndipo Makewana, mayi wosunga kachisiyo, ndiye ankaimira dziko popempha mvula. Ngakhale m'midzi ing'onoing'ono, kukachita ng'amba, akuluakulu ankapita patsinde pa mtengo kukathira nsembe ya ufa ndi mowa, kubwezera kwa Mphambe ndi kwa mizimu zomwezo zimene ankapempha.

Chimanga, chimene lero tichiyesa chathuchathu kotero kuti munthu amene wadya mpunga kapena mbatata madzulo amadandaula kuti wagona ndi njala, kwawo n'kutsidya kwa nyanja yamchere, ku maiko a America. Chidafika m'magombe a Africa ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, ndipo chidalowa kumtunda kuno pang'onopang'ono potsata njira za malonda. Komatu sichidadze chokha, pakuti mtedza, chinangwa, mbatata, nyemba, maungu, matimati ndi tsabola, zonsezi n'zochokera komweko. Taonani tsono chodabwitsa: nkhwani wotendera, amene Mchewa aliyense angalumbire kuti makolo adatsika naye pa Kaphirintiwa, ndi msonkhano wa alendo atatu, ndiwo dzungu, mtedza ndi phwetekere, amene adagwirizana mumphika wa mayi wa kuno. Adanenadi akale kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kwa zaka zambiri chimanga chinkalimidwa pambali pa mapira, ndipo chidawalanda ufumu kotheratu m'nthawi ya atsamunda, chifukwa chimacha msanga, chimadyeka chikadali chachiwisi pamene njala yafika pakhomo, ndiponso makoko ake amachibisa kwa mpheta zimene zimasautsa mlimi wa mapira kuyambira mbandakucha kufikira kulowa kwa dzuwa.

Koma mayi wa Chichewa sadachilandire chimanga mwachisawawa. Adachiikira mwambo wake. Akachitonola, amachikonola mumtondo akuwaza timadzi, napeta palichero kuti gaga apite payekha ndi mphale itsale payokha. Mphaleyo amaiviika masiku angapo kufikira itafewa ndi kuwawasa pang'ono, kenaka amaivuula, kuitsuka, kuisinja, kusefa, ndi kuyanika ufawo pamphasa mpaka uyere kuti mbee. Ufa woyera umenewu ndiwo udali ulemu wa nyumba, ndipo mtsikana ankayesedwa wakula pamene wadziwa kuthyakula nsima yopanda mibulu, kuiomola ndi chipande mitanda yosalala, ndi kuipereka kwa akulu atagwada. Chigayo chitafika, chidapeputsa ntchito ya munsi, ndipo chidadzetsanso mgaiwa, ufa wogaya chimanga chosakonola. Koma popeza mgaiwa ndiwo unkaphikidwa m'sukulu zogonera komweko, m'ndende ndi m'maesiteti, anthu adauyesa chakudya cha pachigulu ndi cha osauka, osazindikira kuti zambiri zolimbitsa thupi zimatsalira mu gaga yemwe ankamuwazira nkhuku.

Lamulo la nyengo ndilo lidachititsa kuti chaka cha Mchewa chiziyamba ndi mvula, osati ndi Januwale. Mvula ikagwa mu Novembala kapena mu Disembala, ngumbi zimatuluka m'zulu, ndipo mwini chulu, amene adachitchinga kale ndi udzu nakwirira mphika pambali pake, amadzaza nsengwa usiku umodzi. Zimakazingidwa popanda mafuta pakuti zili nawo kale, n'kuziyanika, kuzipeta kuti mapiko achoke, ndi kuziwaza mchere. M'nyengo yomweyo mumadza bowa, utale wa pachulu ndi ndelema ndi manyame a m'nkhalango, pamodzi ndi masuku ndi mango; ndipo m'minda, pakati pa mizere, mumamera ndiwo zimene sadabzale munthu, bonongwe, luni, chisoso ndi denje, zotsatidwa ndi nkhwani, khwanya, chitambe ndi kholowa. Therere ankaliphika ndi chidulo, madzi otcheza m'phulusa la zitsononkho, soda wa m'sitolo asadadziwike. Komabe dzinja lomwelo, lobiriwira m'maso, ndilo nyengo ya njala, pakuti mu Januwale ndi mu Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zili pululu, ntchito ya kupalira ndi kubandira ili pachimake, ndipo ndiwo zimachuluka pamene ufa wachepa. Chipulumutso chimadza ndi maungu, mphonda, zipwete, misale ndi dowe wootcha; ndipo banja limene lapanikizika limathyola chimanga chisadaume bwino, n'kuchiyanika, kuti lipeze ufa wa chitibu.

Masika ndiyo nyengo ya kukhuta, pamene mtedza wauwisi ndi nzama zili pamoto, nzimbe zatsekemera, mbatata yakhwima, ndipo ana ali kalikiliki kutola bwanoni m'maudzu. Koma ntchembere yanzeru, monga Yosefe wa m'Malembo, imakumbukira chilala ili pakati pa zochuluka. Imathyola chitambe ndi nkhwani, kuzifutsa pamoto pang'ono, kuziyanika padzuwa, ndi kuzikulunga m'masamba a msuku. Ndipo chikwatu chimenecho, chikapachikidwa kudenga kumene utsi umaingitsa tizilombo, chimasunga mfutso kufikira mvula ina. M'chisanu, mu Juni ndi mu Julayi, m'mawa mumadyedwa futali kapena mbatata yootcha m'phulusa, masana chipere kapena mfutso wotendera, ndipo anyamata amabwera kuchokera m'minda yokololedwa ali ndi mipani ya mbewa. Imeneyinso ndiyo nyengo ya chimera, pakuti maukwati, zinamwali, ziliza ndi gule wamkulu zimadikira kuti nkhokwe zidzale; thobwa ndi la aliyense, mwana, mlendo ndi Mkhristu wosamwa, pamene masese ndi a akulu, ndipo chikho chimayambira kwa mwini mowa kuti alawe pamaso pa onse. Chilimwe chikafika, dziko litauma gwa, m'madimba a m'madambo ndimo muchokera mpiru, tanaposi, repu ndi matimati, pamene malambe ndi bwemba zimakwera kuchokera kunyanja.

Boma la 1904 lidaima pamalo pamene padakomana misewu iwiri, wochokera kumwera kudzera ku Dedza kulowera kumpoto, ndi wochokera kunyanja kupita ku Fort Jameson, kumene lero timati ku Chipata. Ndipo pamphambano sipachedwa kubadwa msika. Amwenye adatsegula masitolo awo tsidya la kum'mawa kwa mtsinje, kumene kufikira lero malonda a Old Town ali pachimake, nadzetsa mchere wa m'matumba, shuga, binzali, samusa ndi chapati. Kuyambira mu 1920, pamene A. F. Barron adayamba ulimi wa fodya ku Mbabzi, ndalama zidalowa m'midzi ya m'chigwa chino, ndipo msewu wa ku Salima, kumene njanji idafika mu 1935, udasanduka njira ya katundu ndi ya nsomba, kotero kuti usipa, utaka ndi chambo chowamba zidayamba kuoneka m'mbale za anthu amene sadaionepo nyanja. Ku Dedza ndi ku Ntcheu mbatata ya kachewere, kabichi ndi mapichesi zidapeza nthaka yozizira yoziyenera. Amuna obwerera kuchokera ku Salisbury ndi ku Johannesburg, ena a iwo atagwira ntchito yophika m'nyumba za Azungu, adabwera ndi chizolowezi cha tiyi wamkaka ndi buledi. Ndipo amayi a kuno, amene adalibe uvuni, ankaphika chigumu chawo m'poto, makala pansi ndi makala pachivundikiro, nakazinga zitumbuwa za nthochi ndi mandasi. Ngakhale mwa Azungu adalipo amene adazizwa ndi nzeru ya ntchembere: Jessie Williamson, amene adagwira nawo ntchito yofufuza kadyedwe ka anthu a m'Nyasaland imene Dr. B. S. Platt adatsogolera mu 1938 ndi 1939, adasonkhanitsa maina ndi kaphikidwe ka masamba, mizu ndi zipatso za dziko lino, ndipo buku lake lotchedwa Useful Plants of Nyasaland lidasindikizidwa ku Zomba mu 1955.

Lilongwe adavomerezedwa kukhala tauni mu 1947, koma pa kalembera wa 1966 adali akadali kamzinda ka anthu osakwana 20,000. Dziko litalandira ufulu, Dr. Hastings Kamuzu Banda adatsimikiza mtima kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Bungwe la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa mu 1968, ndalama zoyambira ntchito zidakongoledwa ku South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe adakhala likulu la dziko. Pofika mu 1977 anthu adali pafupifupi 99,000, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318. Khamu limeneli lidachokera kumalekezero onse a dziko, yense atanyamula kadyedwe ka kwawo: Mtonga wa ku Nkhata Bay ndi kondowole wake, Mngonde wa ku Karonga ndi mbalagha ndi mpunga wa Kilombero, Mlomwe wa ku Mulanje ndi kalongonda ndi nandolo, Myao wa ku Mangochi ndi luso lake pa nsomba, kotero kuti pamsika waukulu wa ku Old Town munthu adayamba kugula matemba a ku Chilwa, nyemba za ku Dedza ndi mpunga wa faya wa ku Nkhotakota osachoka pabwalo limodzi.

Amisiri olinganiza mzinda adagawa malo ndi kuwapatsa manambala, napatula madera a nyumba zotalikirana, monga Area 10, Area 12 ndi Area 43, kumene kudamangidwa nyumba zazikulu za zitofu zamagetsi, kutali ndi Kawale, Mchesi ndi Biwi. Ndipo wina akadayesa kuti nsima idzatsalira kutsidya kwa Lingadzi. Sizidatero ayi. Mkulu wa m'boma amene masana adadya ndi foloko ku Capital Hotel, madzulo ankasamba m'manja napempha nsima ya therere. Kuseri kwa nyumba yake kudali kadimba ka nkhwani ndi mpiru, mtondo udali chiimire pakhonde la khitchini, ndipo nyemba, zimene zimafuna moto wa maola ambiri, zinkapsera pambaula ya makala. Malo aakulu amene adasiyidwa opanda nyumba pakati pa madera a mzinda amabiriwira chaka ndi chaka ndi chimanga cha anthu a m'tauni momwemo. Ubale wa mudzi ndi mzinda nawo sudaduke: pokolola, thumba la chimanga cha makolo, nsinjiro, chikwatu ndi nkhuku yomanga miyendo zimakwera basi kubwera ku Lilongwe, pamene shuga, sopo, mchere ndi feteleza zimalowera kumudzi, pakuti kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana.

Pa zakumwa zidayendanso chimodzimodzi. Fakitale ya Carlsberg idatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, Chibuku adadza ndi mowa wa masese wa m'mapaketi, ndipo botolo la Sobo lidakhala chizindikiro cha Khirisimasi pamodzi ndi mpunga ndi nkhuku. Koma mbiya siidasweke, pakuti m'makomboni amayi ambiri adaphunzitsa ana sukulu ndi ndalama za masese ndi kachasu, ndipo kufikira lero chinkhoswe, ukwati kapena chiliza chopanda ndowa ya thobwa chimayesedwa choperewera.

Mphamvu ya mayi wophika idaonekera poyera pa nkhani ya mbewu. Malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, pamsewu wa ku Mchinji, adatsegulidwa mu 1948, ndipo kuyambira mu 1968 ntchito yaikulu yotukula ulimi m'chigwa cha Lilongwe, yothandizidwa ndi World Bank, idalimbikitsa alimi kubzala mbewu zamakono ndi kuthira feteleza. Koma zaka makumi awiri zidapita alimi akubzala haibulidi pang'ono chabe, wogulitsa ku ADMARC, pamene chodyetsa banja chidali chimanga cha makolo. Ena adayesa kuti ndi umbuli kapena kuuma mutu, chonsecho chifukwa chake chidali mumtondo ndi m'nkhokwe. Haibulidi wa nthawiyo adali wa njere zofewa: pokonola ankanyenyeka, ufa wambiri n'kupita ndi gaga, ndipo anankafumbwe ankamumaliza chaka chisadathe, pamene cha makolo, cholimba njere, chinkatulutsa mphale yambiri ndi kusungika. Akatswiri athu atatchera khutu ku madandaulo a ntchembere, mogwirizana ndi bungwe la CIMMYT, adatulutsa mu 1990 mbewu za MH17 ndi MH18, zobereka ngati haibulidi koma zokonoleka pafupifupi ngati cha makolo, ndipo pamenepo alimi ang'onoang'ono adayamba kuzilandira ndi manja awiri. Indedi mawu a akulu akoma akagonera.

Komatu walira mvula walira matope: mtundu umene udapereka minda yake yonse kwa chimanga udadziikanso m'manja mwa chimangacho. Njala ya 1949 idakantha makamaka chigawo chakumwera, koma ya 2002 idafika pakhomo penipeni pa likulu. Zokolola za 2001 zitachepa, chimanga chidasowa m'misika, mtengo wake udakwera kangapo, ndipo mu Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pangozi. M'maboma a chigawo chapakati anthu adadya gaga, zitsa za nthochi ndi mizu ya kutchire, ndipo ambiri adatsikira kuli chete asadalawe dowe wa chaka chimenecho. Amene adali ndi chinangwa, mbatata kapena dimba adapirira koposa anzawo, ndipo potero zidadziwika kuti makolo, pobzala mbewu zamitundumitundu m'munda umodzi, sankachita mwaumbuli.

Kuyambira mu 1994, malonda atamasuka, misewu ya Old Town idadzaza ndi ziwaya za tchipisi, kanyenya, mang'ina ndi zibwente, kufikira mu 2006 pamene boma lidasamutsira mavenda m'misika. Ndipo lero wofuna ndiwo zothyola kumene amalawirira kumsika wa Lizulu kapena wa Wakawaka, kumene malole amatsitsa matimati, anyezi, kabichi ndi mbatata ya kachewere. Masitolo akuluakulu adadzetsanso chinthu chimene makolo sadachione, ndicho chakudya chopanda nyengo: maapozi a ku South Africa mu Januwale ndi mu Julayi momwe, nkhuku za mufiriji, mafuta ophikira a m'zigubu ndi zakumwa zotsekemera, kotero kuti mwana wobadwira ku Area 47 akhoza kukula osadziwa mwezi umene masuku amapsa, kapena kusiyanitsa luni ndi udzu wamba. Ndipo pamene matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi achuluka pakati pa anthu a m'tauni, madokotala akuwabwezera ku zomwe zija adazinyoza, ndizo mgaiwa, nyemba ndi ndiwo zamasamba. Lero pa ukwati wa ku Area 10 mudzapeza chisoso ndi bonongwe zili patebulo laulemu, nkhuku ya chikuda ikuposa yachizungu pamtengo, ndipo malambe akugulitsidwa m'mabotolo ku City Centre.

Chodandaulitsa n'chakuti moto umene ukuphika zonsezi ukunyeketsa nkhalango imene imatidyetsa. Dzalanyama, imene idaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, ndiyo gwero la madzi amene amasungidwa m'madamu a Kamuzu ndi kumwedwa mumzinda, ndiyonso kwawo kwa masuku, uchi ndi bowa. Koma popeza mabanja ambiri a mumzinda amaphikira makala, mbandakucha uliwonse njinga zolemedwa ndi matumba zimatsika kuchokera kumeneko, mpaka boma lidachita kutumizako asilikali. Tsono manyame ndi ndelema sizibzalidwa m'dimba monga kabichi, pakuti zimamera pokhapo pamene pali mizu ya mitengo yachilengedwe yamoyo, monga mombo ndi msuku. Mtengo ukagwa, bowa wapita nawo, ndipo palibe sitolo imene idzamuitanitse kuchokera kunja.

Chifukwa chake, inu owerenga, makamaka inu a m'nyumba za mipanda amene muli ndi malo ndi ndalama zosankhira, dziwani kuti nsima siisowa woiteteza, pakuti yapirira atsamunda, njala ndi masitolo. Chimene chili pangozi ndi nzeru yoiperekeza, ya kudziwa chimene chacha mwezi uno, ya kufutsa, ya kutendera ndi ya kuphika thobwa. Nzeru imeneyi ikadali ndi agogo, azakhali ndi amayi ogulitsa ndiwo pamsika, koma iwowa sadzakhala nafe mpaka muyaya. Itanani agogo aphunzitse adzukulu, anyamata ndi atsikana omwe. Gulani bowa ndi masuku m'nyengo yake, pamtengo wosanyoza thukuta la wozitola. Bzalani dzungu ndi msuku kuseri kwa nyumba. Ndipo kumene mungathe kuphikira gasi, magetsi kapena mbaula yosawononga nkhuni, teroni, kuti Dzalanyama ipume. M'mera mpoyamba: mwana amene sadalawe chisoso ali wamng'ono sadzachifuna atakula.